MANO A MWANA WANU WA KU KOLEJI

Makolo, mwana akasankhidwa kupita ku koleji timamkonzera bulangete, sopo ndi ndalama ya m'thumba, koma mano ake timawaiwala. Komatu dzino limodzi lobooka lingathe kumgoneka mnyamata wanzeru pa tsiku lenileni la mayeso.

Kodi Dzino Limabooka Bwanji?

M'kamwa mwa munthu aliyense muli tizirombo tosaoneka ndi maso timene timakhala mu litsiro loterera lomatirira pa mano. Munthu akadya shuga, tizirombo timeneti timamsandutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikuto cholimba cha dzino kwa mphindi 20 kapena kupitirira. Malovu amakonzanso pamene paonongekapo, koma amafuna nthawi. Chotero choopsa si kuchuluka kwa shuga kokha ayi, komanso kumudya kawirikawiri.

Apa ndi pamene wophunzira amagwera m'mbuna. Kumudzi ankadya nsima, ndiwo ndi zipatso pa nthawi yake. Ku koleji amawerenga mpaka usiku akumwa tiyi wa shuga, akudya mabisiketi ndi masiwiti, kenaka nkugona osatsuka mano. Tsono munthu akagona malovu amachepa, ndipo asidi amagwira ntchito yake popanda chomletsa.

M'chaka cha 2015 bungwe la World Health Organization lidalangiza kuti shuga wa munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono 12 pa tsiku. Botolo limodzi la 300 ml la chakumwa chotsekemera lingakhale ndi masupuni 7 kapena 8.

Dzino Silifulumira Kupweteka

Bowo likamayamba silimveka. Pamangooneka kadontho koyera kapena kakuda. Pambuyo pake dzino limayamba kuwawa pomwa madzi ozizira. Likafika popweteka usiku, ndiye kuti kuola kwafika pa mtsempha, ndipo tsaya lingathe kutupa ndi mafinya. M'mera mpoyamba: bowo laling'ono amalimata ku chipatala, koma lochedwa kawirikawiri mapeto ake ndi kuzula. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, ndipo lozulidwa silimeranso. Mano anayi a kumapeto kwa nsagwada amatuluka pakati pa zaka 17 ndi 25, zaka za ku koleji zomwezo, ndipo mswachi umavutika kuwafikira.

Zoyenera Kuchita

1. Mwana atsuke mano kawiri pa tsiku, kwa mphindi ziwiri, makamaka asanagone.
2. Agwiritse ntchito mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Akatha alavule, koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano.
3. Asatsukire mchenga kapena makala, pakuti zimapala dzino.
4. Zotsekemera adye pa nthawi ya chakudya pokha. Powerenga usiku amwe madzi, atafune mtedza.
5. Asaike aspirin pa dzino lopweteka, chifukwa amaotcha nkhama.

Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno. Maphunziro awo a digiri adayamba m'chaka cha 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Chotero musadikire kuti dzino lipweteke. Pa tchuthi chirichonse chachikulu, mwana wanu apite ku chipatala cha boma lanu akaonetse mano. Ndipo pomlongedzera katundu, mswachi watsopano usatsale.