Kutsitsa giya galimoto ili pa liwiro

Zikomo bambo a ku Rumphi chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa ngati kutsitsa giya galimoto ikuthamanga kumaononga injini. Eya, kumaononga mukalumpha magiya, monga kuchoka pa 5 kupita pa 2 muli pa makilomita 100 pa ola. Zikatero matayala amatha kukakamiza injini kuzungulira mopyola malire ake, mavavu n'kupindika, ndipo pa msewu wonyowa galimoto imatha kuterereka.

Yambani mwaponda buleki kuti liwiro litsike. Kenako pondani kilachi, patsani moto pang'ono injini ikweze mawu, lowetsani giya yotsatira, n'kumasiya kilachi pang'onopang'ono. Galimoto ikagwedezeka, mwina moto unachepa. Koma potsika mtsetse wa Chiweta, bambo, giya yaing'ono muilowetse mukadali pamwamba.