Mutu 9: Mphunzitsi pakati pa nkhanza za m'banja ndi kachilombo ka HIV

M'mutu wapitawu tinaona momwe kachilombo ka HIV kamafalira ndi momwe tingaphunzitsire ana kudziteteza. M'mutu uno tituluka m'kalasi pang'ono n'kulowa m'nyumba zomwe ana athu amachokera. Mukamaliza kuwerenga muyenera kutha kufotokoza kugwirizana kwa nkhanza za m'banja ndi HIV, komanso kudziwa komwe mungatumize mayi kapena mwana wofuna chithandizo m'dera lanu.

Tiyambe ndi chitsanzo. Tiyerekeze kuti m'kalasi mwanu muli mtsikana wa Sitandade 6 yemwe kale anali wochangamuka. Masiku ano akubwera mochedwa, amasinza masamu ali m'kati, ndipo Lolemba nthawi zambiri sabwera n'komwe. Mwamuitanira pambali anzake ataweruka, iye n'kukuuzani kuti mayi ake atapita ku sikelo anawayeza magazi ndipo anawapeza ndi kachilombo. Atauza bambo kunyumba, bambo anati ndi mayiwo abweretsa matenda pakhomo. Anawamenya, mankhwala n'kuwataya m'chimbudzi. Pano mayi amabisa botolo la ma ARV m'thumba la ufa ndipo amamwa pokhapokha bambo akachokapo.

Ntchito 1: Musanapitirize kuwerenga, lembani m'kope mwanu chinthu choyamba chomwe mungachite mwanayu atakuuzani zimenezi.

Ambiri mwa inu mwina mwalemba kuti mukaonana ndi bamboyo. Maganizo ake ndi abwino ndithu, koma taganizirani zomwe zingachitike usiku wa tsiku lomwelo inu mutabwerera kwanu. Bamboyo adzafuna kudziwa yemwe waulula za m'nyumba, ndipo chikwapu chidzagwera mwana yemwe anakukhulupirirani uja. Choyamba si kukadzudzula wochita nkhanza ayi, koma kuonetsetsa kuti mwana ndi mayi ake ndi otetezeka.

N'chifukwa chiyani mayi ndiye amanamiziridwa? Nthawi zambiri amayi ndiwo amayamba kuyezetsa chifukwa amapita ku sikelo, pamene abambo ambiri safika kuchipatala mpaka atadwala. Woyamba kudziwa amaoneka ngati ndiye woyamba kutenga, pamene sizili choncho ayi. Kuyambira m'chaka cha 2011, dziko la Malawi linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe wapezeka ndi kachilombo, ndipo maiko ena anatengera njirayi. Ana ambiri apulumuka nayo. Koma botolo la mankhwala likafika m'nyumba momwe muli kale nkhanza, limasanduka umboni womuzengera mayi mlandu.

Mayi womwa mankhwala mobisa amadumphitsa masiku. Akadumphitsa, tizilombo timachulukanso m'magazi, thupi limafooka, ndipo nthawi zina mankhwalawo amaleka kugwira ntchito. Komatu munthu yemwe akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizilombo tosaonekanso poyeza magazi sapatsira mnzake kachilombo pogonana. Choncho bambo wotaya mankhwala a mkazi wake akudzipwetekanso yekha. Mbali inayo n'chimodzimodzi: mkazi yemwe amamenyedwa sangayerekeze kutchula za kondomu kapena zokayezetsa limodzi, ngakhale akudziwa kuti mwamuna wake akuyendayenda.

Nanga inu mutani? Mvetserani mwanayo modekha, osamufunsa mafunso ngati wapolisi. Muuzeni kuti wachita bwino kulankhula ndi kuti zomwe zikuchitika kwawo si mlandu wake. Musamulonjeze kuti simuuza munthu aliyense, chifukwa ngati moyo wake uli pangozi mudzayenera kuuza ena. Muuzeni zoona: kuti muuza okhawo omwe angathandize, ndipo iye adziwiratu. Za kachilombo ka mayi ake si nkhani ya m'chipinda cha aphunzitsi pa nthawi ya tiyi. Tonse tikudziwa kuti nkhani yonong'onezana pa buleki imakhala itafika ku chigayo dzuwa lisanalowe. Ku Malawi lamulo la HIV ndi Edzi la m'chaka cha 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilombo ndiponso limateteza chinsinsi chake.

Kenako pezani mpata woonana ndi mayiyo mosaonetsera. Kuwaitana ku sukulu kuti mukambirane za maphunziro a mwana ndi chifukwa chokwanira, ndipo si bodza. Ngati ndinu bambo, pemphani mphunzitsi wamkazi kapena mayi wodalirika wa gulu la amayi a pasukulu kuti akhalepo. Musawauze kuti athetse banja, musawauzenso kuti apirire. Mawu akuti banja ndi kupirira amva kale kwa ankhoswe, mwina kangapo. Ankhoswe ali ndi ntchito yawo ndipo sitikuwanyoza, koma kumenya munthu mpaka kumuvulaza kapena kumulanda mankhwala si kusamvana kwa m'banja koti kuthere pa mphasa. Ntchito yanu ndi kuwauza mayiwo njira zomwe zilipo, iwo asankhe okha.

Njirazo ndi izi. Maiko ambiri a m'chigawo chathu ali ndi malamulo olimbana ndi nkhanza za m'banja: South Africa kuyambira 1998, Malawi 2006, Zimbabwe 2007, Mozambique 2009 ndi Zambia 2011. Ku Malawi wochitiridwa nkhanza angathe kupempha bwalo la majisitireti kuti lipereke chiletso choti wankhanzayo asamuvutitsenso, popanda kuyamba wathetsa banja. Ku polisi kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, yomwe ku Malawi ndi ku Zambia imatchedwa Victim Support Unit, ku Zimbabwe Victim Friendly Unit. M'zipatala zina zikuluzikulu muli malo amodzi momwe munthu amaonana ndi dokotala, wapolisi ndi mlangizi osayendayenda. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana m'maiko onse asanu tawatchulawa.

Pali chinthu chimodzi chomwe sichidikira. Mwana kapena mayi akagwiriridwa, ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, omwe amamwa kwa masiku 28. Maola 72 ndi masiku atatu basi. Zikachitika Lachisanu madzulo, kudikira kuti ahedi abwere Lolemba, kapena kuti akubanja ayambe akambirana, kungathe kumutayitsa mwayiwo. Chipatala choyamba, zokambirana pambuyo.

Chithandizo cha tsiku ndi tsiku sichichokera ku maofesi kwenikweni. Chimachokera kwa mayi mnzake yemwe angamusungire botolo la mankhwala kwake, ku gulu la anthu omwe ali ndi kachilombo monga magulu a NAPHAM, ku banki m'khonde komwe angapeze kampamba kake osadalira mwamuna pa chilichonse, ndi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo. Alangizi a kuchipatala angathandizenso kuitana bambo uja kuti akayezetse, pa nthawi yomwe mayi waona kuti n'zotheka popanda ngozi. Mwana wa sukulu yemwe naye ali pa mankhwala amafuna zinthu zazing'ono: kumulola kupita kuchipatala pa tsiku lake osamufunsa pagulu, ndi kumuthandiza ntchito yomwe yamudutsa.

Mwina powerenga izi mwaona kuti nkhani ya mayi uja ndi yanu yomwe. Aphunzitsi nawo amamenyedwa, nawo amamwa ma ARV mobisa, ndipo manyazi amakula chifukwa anthu amati mphunzitsi ndi wozindikira. Njira zonse tatchulazi ndi zanunso. Ku Malawi aphunzitsi omwe ali ndi kachilombo anakhazikitsa gulu lawo lotchedwa T'LIPO kuti azilimbikitsana.

Ntchito 2: Jambulani mapu a dera lozungulira sukulu yanu. Sonyezani polisi yapafupi, chipatala chomwe chimapereka ma ARV, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ndi gulu lililonse lothandiza. Pa malo aliwonse lembani mtunda wake, mtengo wa kabaza kapena minibasi, ndi masiku omwe amatsegula. Pitani nokha pa malo awiri mukafunse, musangolemba zakumva. Tumizani mapuwo kwa mlangizi wanu pamodzi ndi yankho lanu la Ntchito 1, ndipo pansi pake mulembe ngati mungalisinthe tsopano, ndi chifukwa chake.