Thandizani mimba kugaya chimene mwadya

Chakudya chimene mwameza chimakhala chisanayambe kukupindulitsani. Chimayamba kugwira ntchito chikagayika n'kudutsa khoma la matumbo kulowa m'magazi. N'chifukwa chake banja likhoza kumakhuta tsiku lililonse, koma mayi n'kupezeka kuti magazi ndi ochepa, mwana naye osakwera sikelo. Zambiri zothandiza kapena kusokoneza kagayidwe ka chakudya zimachitikira kukhitchini ndiponso pamphasa pamene timadyera.

Ntchito imayambira m'kamwa. Tengani kachidutswa ka buledi, mutafune osameza kwa mphindi 2, mudzamva kayamba kutsekemera. Malovu ndiwo akuchita zimenezo, akusandutsa sitachi kukhala shuga. Tsono ambirife tinazolowera kutema mbamu, kusunsa mumsuzi n'kumeza. Pa nsima palibe vuto lalikulu poti ndi yofewa kale, koma nyemba, mtedza, nyama ndi chimanga chokazinga zimafuna kutafuna mofatsa, chifukwa m'chifu mulibe mano. Agogo amene mano anaguluka aphikireni chipere, ndipo usipa muziwasinjira.

Mphamvu ya m'malovu ija imapezekanso m'chimera, n'chifukwa chake thobwa limasungunuka n'kutsekemera mukangothira chimera. Apa pali nzeru imene ndimalakalaka mayi aliyense woyamwitsa ataidziwa. Mwana akakwanitsa miyezi 6 n'kuyamba kudya, kamimba kake kamakhala kakang'ono kwambiri. Poopa kuti atsamwa, timamuphikira phala lamadzimadzi, ndiye amakhuta madzi chakudya chenicheni chili chochepa. M'malo mwake phikani phala lolimba la mgaiwa, muthire nsinjiro. Likapsa phulani, lizizire pang'ono, kenaka thirani sipuni yaing'ono ya ufa wa chimera n'kutakasa. Pakapita mphindi zochepa muona phala lafewa lokha popanda kuwonjezera madzi. Libwezereni pamoto libwatenso pang'ono kuti tizilombo tife, lizizire, mumwetse mwana. Sipuni iliyonse ya phala lotere imanyamula chakudya chochuluka kuposa ya phala losukuluka.

Kuchoka kummero chakudya chimagwera m'chifu, mmene chimatakasidwa ndi asidi wamphamvu kwa maola 2 mpaka 4. Pakhomo pa chifu pali mnofu umene umatseka kuti asidiyo asakwere. Mukadya mitanda yambiri ya nsima usiku n'kugona pompo, asidi amapeza mpata n'kubwerera kummero, ndiye chilungulira chija. Idyani mgonero pakadali maola 2 kapena 3 musanagone, ndipo ngati vutoli limabwerabwera, kwezani miyendo ya bedi ya kumutu ndi njerwa. Kumwa soda wosungunula kumaziziritsa kwa kanthawi chabe, kusasanduke chizolowezi.

Za zilonda za m'mimba anthu amanena zambiri, ena amati n'kuganiza kwambiri, ena amati ndi tsabola. Mu 1982 madokotala awiri a ku Perth m'dziko la Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaonetsa kuti m'chifu mumakhala kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, ndipo kachilomboka ndiko kamayambitsa zilonda zambiri. Mu 2005 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Kwa ife phindu lake ndi lakuti zilonda zimachizika ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo palibe chifukwa chokhalira zaka mukungomwa mkaka kuti ululu uleke. Mapilitsi opha ululu monga asipulini ndi ibuprofen nawonso amakanda khoma la chifu, makamaka mukamamwa pafupipafupi m'mimba muli pululu. Munthu akasanza magazi kapena chimbudzi chake chikada bii, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

M'matumbo aang'ono, amene ndi otalika pafupifupi mamita 6, ndi mmene zakudya zambiri zimalowera m'magazi. Ndulu yochokera kuchiwindi imathira madzi ake mmenemu kuti mafuta aphwanyike. Vitamini A wa mu nkhwani, bonongwe, chisoso, maungu ndi mbatata yofiira m'kati salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Choncho kutendera ndiwo sikungokometsa chabe, nsinjiro zija zimathandiza thupi kutenga vitaminiyo. Nsinjiro zikasowa, thirani ngakhale sipuni imodzi ya mafuta ophikira. Koma soda kapena chidulo muchepetse. Zimafewetsa masamba msanga, zoona, koma zimawononga vitamini C.

Vitamini C ameneyu ndi wofunika pankhani ya magazi. Ayironi wa mu nyemba, khobwe ndi masamba thupi limavutika kumutenga, koma limamutenga bwino akadyedwa pamodzi ndi tomato, mandimu, magwafa kapena madzi a malambe. Tiyi amachita zosiyana, amamanga ayironi kuti asalowe m'magazi. Mayi woyembekezera kapena mtsikana amene wayamba kusamba asamatsitsire chakudya ndi tiyi, adikire padutse ola limodzi kapena awiri.

Zotsala zimapita m'matumbo aakulu, otalika mita imodzi ndi theka, amene amayamwa madzi. Ngati chakudya chilibe gaga wokwanira ndipo munthu samwa madzi, chimbudzi chimauma n'kuvuta kutuluka. Ufa woyera ndi wokoma, koma pokonola ndi kuviika mphale gaga ndi mtima wa chimanga zimatayika. Sindikunena kuti muusiye, koma mgaiwa uzipezekanso pakhomo, pamodzi ndi masamba, papaya ndi mango. Zimenezi zimathetsa kudzimbidwa bwino kuposa mankhwala otsegula m'mimba. Nyemba zimadzaza mpweya chifukwa mbali ina ya shuga wake imagayidwa ndi mabakiteriya a m'matumbo aakuluwa. Ziviikeni usiku wonse, tayani madziwo, muphike ndi madzi atsopano. Mpweya umachepa, nkhuninso simuwononga zambiri.

Mwana akatsegula m'mimba, matumbo amataya madzi m'malo mowayamwa, ndipo chimene chimapha ndi kutha kwa madziko. Musamumane chakudya poganiza kuti mimba ipume, pitirizani kuyamwitsa ndi kumudyetsa pang'onopang'ono. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, muzimumwetsa nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso ndi sipuni. Kuchipatala adzakupatsaninso mapilitsi a zinki oti amwe kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo amalize onse ngakhale kutsegulako kutasiya. Mukaona magazi m'chimbudzi, maso alowa, liwombo lalowa, kapena mwana akukana kumwa ndi kuyamwa, m'berekeni mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, uku mukumumwetsa Thanzi m'njira.