Za Kusankha Pepala Lojambulapo ndi Utoto wa Madzi

Ana inu, mwaona mai woumba mbiya akufinya dothi m'manja asanayambe ntchito yake. Chomwecho wojambula ndi utoto wa madzi ayamba wayesa pepala, pakuti mapepala sali amodzimodzi, ndipo pa sukulu ya kumudzi sachuluka.

Tengani mapepala atatu: la nyuzipepala, la m'kope, ndi lochindikala lojambulira. Dontheterani dontho limodzi la madzi pa lililonse, nimupenyetsetse. Pa nyuzipepala dontho lilowa pomwepo ndi kufalikira. Pa la m'kope likhala pang'ono, koma pepala lichita makwinya. Pa lachitatu dontho liima lobulungira ngati mame pa tsamba la koko. Limenelo ndilo lathu.

Chifukwa chake nchiyani? Pepala labwino alipanga ndi ulusi wa thonje, thonje longa lomwe alima ku Chikwawa, ndipo alinyika mu guluu wophikidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Guluuyo aletsa pepala kumwa madzi msanga. Motero utoto ukhala pamwamba, ndipo burashi iutsogolera kumene mwini afuna. Nyuzipepala aipanga ndi mitengo yopera. Isiyeni padzuwa masiku ochepa, mudzaona yasanduka yachikasu. Thomas Baines, amene anadza ku Zambezi ndi Dr. Livingstone m'chaka cha 1858, anajambula zithunzi ku Tete ndi utoto wa madzi, ndipo zina zisungidwa kufikira lero. Akadazijambula pa nyuzipepala, bwenzi zitafumbutuka kale.

Tsono penyaninso kuyera kwake. M'kujambula kotere sitikonda kupaka utoto woyera. Choyera chathu ndi pepala lenilenilo. Tinene kuti mwakhala pa Mishoni ya Blantyre, mulikujambula tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene anatsiriza kumanga mu 1891. Njerwa mudzazipaka zofiira, phiri la Ndirande mudzalipaka lobiriwira, koma mtambo wokhala pamutu pa phirilo mudzausiya wosapaka. Pepala likakhala lakuda ndi zala kapena utsi, mtambo wanu udzakhalanso wakuda, ndipo palibe mankhwala ake.

Lilipo pepala losalala, lilipo lokhakhala, ndi lina lapakati. Losalala liyenera wojambula duwa kapena nthenga za mbalame. Lokhakhala liyenera matanthwe a Soche. Ine ndiyesa kuti wophunzira ayambe ndi lapakati, popeza likhululukira dzanja lonjenjemera.

Mukapeza lopyapyala lokha, musataye mtima. Liviikeni m'madzi oyera kanthawi, muliyale pa thabwa losalala, mumate m'mphepete monse, ndipo muliike pamthunzi. Pouma lidzakungika ngati chikopa cha ng'oma, ndipo silidzachitanso makwinya. M'mwezi wa Okotobala liuma msanga. M'masiku a chiperoni, mu Juni ndi Julayi, lichedwa, ndipo muyenera kulikonza dzulo lake. Kanyenyeswa kotsala m'mphepete musakataye: muyesepo utoto wanu musanaupake pa chithunzi.