Za Kukonza Beringi Yakutha ya Ngolo

Inu eni mabanja amene muli ndi ngolo, nyengo yakututa chimanga isanafike yang'anani magudumu ache. Pakati pa gudumu pali beringi, ndiyo mphete ziwiri zachitsulo ndi timiyala tachitsulo tozungulira pakati pao. Beringi zambiri za pa ngolo zathu nza mtundu umene Henry Timken, mmisiri wopanga magareta ku St. Louis m'dziko la America, analembetsa m'chaka cha 1898. Timiyala tache nta mutu waukulu kwina ndi waung'ono kwina, chifukwa chache beringi yotere imangika ndi nati. Mtundu womwewo upezekanso pa makina ambiri osemera chitsulo, ochedwa lathe, pamene kugwedera kochepa ngati tsitsi kuononga nchito.

Beringi itha ndi zinthu zitatu: mchenga, madzi, ndi kusowa girisi. Ikatha, mwini wache nanyalanyaza, iyamba kudya ekiselo. Ndipo mtengo wa ekiselo uposa wa beringi kutali.

Kuyesa kwache nkotere. Tsekerani gudumu lina ndi miyala, nimukweze ngolo ndi jeke. Gwirani gudumu pamwamba ndi pansi, nimuligwedeze. Likagogoda, pali mpata. Lizungulitseni, nimumvetsere: likalira ngati mphero, beringi yadyeka. Pobwera ku ulendo khudzaninso pakati pa gudumu. Pakaocha dzanja, m'katimo simuli bwino.

Tsono chotsani chivundikiro, pini ndi nati, nimusolole gudumu. Tsukani zonse ndi parafini, nimuziyanike pa nsalu yoyera, osati pa dothi iai. Mukaona timaenje pa chitsulo, kapena chitsulocho chitabiriwira ndi kutentha, beringiyo yatha. Tengani yakaleyo kusitolo, pakuti nambala yache yalembedwa pa mphete. Musagule mbali imodzi yokha: mphete yakale yokumbika idzaononga timiyala tatsopano msanga.

Polowetsa mphete yatsopano musaimenye ndi nyundo pachitsulo pache. Ikanipo mtengo wolimba kapena mphete yakale ija, nimugogode pang'ono pang'ono mozungulira kufikira yakhala pansi mbali zonse. Kanikizani girisi ndi chikhatho pakati pa timiyala kufikira atulukire mbali ina.

Pomanga nati ndipo alakwa ambiri. Wina amanga zolimba, nayesa kuti walimbitsa ngolo. Koma beringi yofinyidwa itentha, girisi nasungunuka. Wina asiya mpata waukulu, ndipo gudumu liyenda chopendama ndi kuswa timiyala. Chitani chotere: mangani nati mukuzungulitsa gudumu ndi dzanja lina, kufikira liyambe kulemera, pamenepo bwezani natiyo pang'ono, kufikira boo la pini lioneke. Gudumu lizungulire lokha, losagogoda. Musafulumire pano, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Lowetsani pini yatsopano, nimubwezere chivundikiro, chimene chitsekereza fumbi.

Koma ngati beringi yatsopano igwedera pa ekiselo, ekiseloyo yadyeka. Musakulungepo chitini kapena waya. Pitani nayo kwa mmisiri wa lathe, amene adzaotchererapo chitsulo ndi kuchisema kufikira muyeso wache woyamba.

Pakani girisi watsopano chaka ndi chaka dzinja likatha, ndiponso ngolo ikaoloka mtsinje wakuya. Nchito iyi nja m'mawa umodzi. Koma gudumu lofera panjira, chimanga chili m'ngolo ndi ng'ombe zili m'goli, lidzakugonetsani kuthengo.