Anafunsa, Koma Anadyabe Phula

Pa 29 August 2005, namondwe Katrina anafika m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Mississippi ku America. Banja lina la m'tauni ya Pascagoula linali ndi chifukwa chokhalira mtima m'malo, poti nyumba yawo yosanja inali pa inshuwalansi kwa zaka zambiri. Inamangidwa pamtunda wosakwana mamita 200 kuchokera kunyanja. Mphepo inakankhira nyanja m'tauni, madzi n'kudzaza zipinda zapansi kufika mita imodzi ndi theka, m'mapewa mwa munthu wamkulu. Madzi ataphwa, banjali linawerengetsera zowonongeka n'kupeza madola oposa 130,000. Kampani ya inshuwalansi ya Nationwide inawapatsa madola 1,661.

Kampaniyo sinalakwitse masamu. Chikalata chawo chinkalipira zimene mphepo yawononga, osati zimene madzi osefukira awononga, ndipo mphepo inangokhudza denga ndi zina zochepa. Anakasuma. Mu August 2006, woweruza L. T. Senter anangowawonjezera madola 1,228. Chaka chotsatira bwalo la apilo linakhomerera msomali: linavomereza ndime ya m'chikalatamo yonena kuti ngati mphepo ndi madzi zawonongera pamodzi chinthu chimodzi, kampani silipira.

Tsono tibwerere m'mbuyo, chifukwa nyumbayi sinatayike tsiku la namondwe. Inatayika mu 1999, pa macheza aafupi. Mwini nyumba anafunsa ejenti wake ngati kunali kofunika kugula inshuwalansi ya madzi osefukira. Ku America imeneyo imagulidwa payokha, kudzera m'ndondomeko ya boma yomwe inakhazikitsidwa mu 1968. Ejenti anati sikofunika. Bamboyo anakhulupirira, n'kumaganiza kuti chikalata chomwe anali nacho kale chikukwanira pa chilichonse chomwe namondwe angabweretse.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Koma bamboyu anafunsa, m'bale wanga. Anafunsa funso loyenera kwa munthu woyenera. Chimene sanachite n'kufunsa funso lachiwiri. Mawu akuti "sikofunika" angatanthauze zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Angatanthauze kuti madzi akalowa tidzakulipirani, kapena kuti ine sindikuganiza kuti madzi adzafika kwanu. Loyambalo ndi lonjezo la kampani. Lachiwirilo ndi maganizo chabe a munthu pa za nyengo, ndipo ejenti sadziwa za namondwe wa zaka zikubwera kuposa inu. Bamboyo anamva lonjezo pomwe panalibe lonjezo. Kukhoti, zimene zinalembedwa m'chikalata zinagonjetsa zimene zinanenedwa pakamwa, chifukwa lamulo la kumeneko limatenga kuti wogula inshuwalansi akudziwa zomwe zili m'chikalata chake, kaya anawerenga kaya sanawerenge.

Musati bamboyo anali wosadziwa zinthu. M'tauni yomweyo, Trent Lott, yemwe panthawiyo anali seneta wa dziko la America komanso anaphunzira za malamulo, anapeza nyumba yake itasesedwa. Kampani ya inshuwalansi ya State Farm inati ndi madzi, iyenso mpaka anakasuma. Ku New Orleans, komwe zipupa zotchinga madzi zinagumuka n'kumiza pafupifupi 80 peresenti ya mzinda, eni nyumba anayesa kunena kuti uku sikusefukira kwachilengedwe koma kulephera kwa anthu omwe anamanga zipupazo. Bwalo linati madzi osefukira ndi madzi osefukira basi, kaya abwera bwanji. Ngati seneta anakodwa, inu mukudalira chiyani?

Mwina mukuti izi ndi za kutali. Kumbukirani March 2023. Namondwe Freddy atakhuthula mvula masiku angapo, chimene chinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe sichinali madzi okha. Anali matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo. Tsopano tsegulani chikalata chanu. Chinthu chimenecho akuchitchula dzina lanji? Kwa makampani a inshuwalansi, mphepo yamkuntho, madzi osefukira, kugumuka kwa phiri ndi kutitimira kwa nthaka ndi ngozi zosiyana, ndipo chikalata chikhoza kulandira ina n'kukana ina. Inu amene munamanga m'tsinde mwa Ndirande, pa Soche kapena ku Mulanje, dzina limenelo ndiye nkhani yonse. A m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, komwe namondwe Idai mu 2019 ndi namondwe Ana mu 2022 anasiya madzi m'nyumba, funso lanu ndi lina: mtsinje ukasefukira, mwatetezedwa, kapena chikalata chimangodziwa mvula yolowera padenga malata akasasuka?

Pali zizindikiro zoti muli panjira ya bambo wa ku Pascagoula. Choyamba ndi kusadziwa komwe kuli chikalata. Ambiri amangosunga risiti ndi tsamba limodzi lokhala ndi dzina ndi chiwerengero cha ndalama, koma kabuku komwe kali ndi mndandanda wa ngozi zomwe kampani silipira sanakaonepo. Ndiye ngati ejenti akuyankhani kuti "zonse zili momwemo, bwana, musadandaule," mtima wanu uyenera kugunda. Zonse ziti? Muuzeni akusonyezeni ndime yake ndi chala. Akalephera, lembani funsolo pa imelo kapena pa kalata, ndipo yankho libwere lolembedwa kuchokera ku kampani. Sikumunyoza ejentiyo. Iye akhoza kusiya ntchito kapena kumwalira, ndipo amene adzabwere kudzayeza zowonongeka ndi munthu wina yemwe simunamwe naye tiyi.

Chinanso: ngati inshuwalansi yanu inabwera ndi ngongole ya nyumba, dziwani kuti banki ikuteteza chikole chake, chomwe ndi zipupa ndi denga. Katundu wa m'nyumba ndi chikalata china. Taganizani za m'nyumba momwe madzi angotulukamo. Mzere wa matope wazungulira khoma. Firiji yagona chagada pakhomo la kukhitchini, matiresi alemera moti anthu awiri akulephera kunyamula, kabati yatupa n'kung'ambika m'makona, matumba a chimanga ayamba kumera. Zipupa zili chiimire, banki ilibe nkhawa. Zonse zatayikazo ndi zanu. Ndipo ngakhale muli ndi inshuwalansi ya katundu, adzakufunsani umboni. Mudzakumbukira mtundu wa TV ndi mtengo wake, marisiti ali phala m'dirowa? Yendani m'nyumba ndi foni lero, jambulani chipinda chilichonse, tsegulani makabati, tumizani zithunzizo pa imelo yanu pamodzi ndi chithunzi cha chikalata.

Msampha womwe ukundidetsa nkhawa kwambiri kwathu kuno ndi wa chiwerengero. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mukudziwa nokha zimene zinachitikira mtengo wa thumba la simenti ndi malata. Kodi chiwerengero cha pachikalata chanu munachisintha liti? Zikalata zambiri zili ndi ndime yoti mukaika nyumba pa mtengo wotsika, nanunso mumasenza gawo la chiwonongeko. Tiyerekeze kuti munalembetsa K40 miliyoni, koma kumanganso nyumbayo lero kungadye K80 miliyoni. Mphepo yasasula denga, kukonza kukufuna K10 miliyoni. Inu mukuti palibe vuto, 10 ndi wochepa pa 40. Kampani ikuti munateteza theka la nyumba, ndiye tikupatsani theka: K5 miliyoni, ndipo pamenepo achotsaponso kagawo koyamba komwe mumalipira nokha pa ngozi iliyonse. Ambiri amasiya chiwerengero chakale mwadala kuti malipiro apachaka asakwere. Ndikumvetsa, ndalama ikuvuta. Koma dziwani kuti mukatero mwasankha kukhala inshuwalansi ya theka linalo, ndipo funso n'lakuti muli nazo kodi ndalama zake.

Mtengo wofunika apa si umene mungagulitsire nyumba. Ndi wa kumanganso: njerwa, simenti, matabwa, amisiri, ngakhale kuchotsa zigumukire. Funsani mmisiri wodalirika akuwerengereni pa mitengo ya chaka chino.

Pa nthawi, musanyengedwe. Inshuwalansi ya madzi ya boma la America imayamba kugwira ntchito patatha masiku 30 chigulireni, n'cholinga choti anthu asamathamangire kukagula namondwe ali pakhomo. Palibe kampani kulikonse yomwe imakondwera ndi kasitomala wobwera a zanyengo atalengeza kale pa wailesi kuti namondwe wadutsa Madagascar. Pitani mu September kapena October, kunja kuli ng'aa. Tengani chikalata chonse, khalani pansi ndi ejenti, ndipo musamufunse ngati mukufunika chakutichakuti. Mufunseni motere: matope akatsika m'phiri lomwe lili kuseri kwa nyumba yanga n'kugwetsa khoma la kuchipinda, mudzandipatsa zingati, ndipo zalembedwa pa tsamba liti?