Mowa wa Usiku Umafika ku Ofesi M'mawa

Phunziro la lero likukhudza chizolowezi chofala pakati pa ogwira ntchito m'maofesi: kudzera ku bala poweruka, makamaka Lachisanu ndi kumapeto kwa mwezi malipiro akalowa. Ambiri amati, "Ndimamwa nditaweruka, nthawiyo ndi yanga." Tiyeni tione ngati zilidi choncho.

Chiwindi chimachotsa mowa m'magazi pang'onopang'ono. Botolo limodzi laling'ono limatenga ola lathunthu kapena kuposerapo. Choncho munthu amene wamwa kwambiri mpaka pakati pa usiku angathe kufika ku ntchito mowa usanathe m'thupi. Khofi kapena kusamba madzi ozizira sizifulumizitsa chiwindi. Mowa umasokonezanso tulo, moti munthu amadzuka ali wotopa ngakhale wagona maola ambiri.

Zotsatira zake timaziona: manambala olakwika, fayilo yosochera, kupsa mtima msanga, kujomba Lolemba chifukwa cha matsire. Ntchito yotsalayo amasenza ndi anzake. Agogo amene abwereka ndalama ya basi kudzatsata penshoni yawo amauzidwa kuti abwerenso mawa. Malipiro akathera ku bala, munthu amathamangira katapila, ndipo amene wapanikizika ndi ngongole savuta kukopeka ndi ziphuphu. Vutoli ndi lalikulu: lipoti la bungwe la WHO la mu 2024 linati anthu 2.6 miliyoni anamwalira mu 2019 chifukwa cha mowa.

Mu Kitáb-i-Aqdas, buku la malamulo lomwe linavumbulutsidwa cha mu 1873, Bahá'u'lláh analetsa kumwa zinthu zolanda munthu nzeru. Anaphunzitsanso kuti kugwira ntchito ndi njira yopembedzera Mulungu. Ziphunzitso ziwirizi zimagwirizana, pakuti kutumikira anthu bwino kumafuna mutu woganiza bwino. Komabe sitinapatsidwe udindo woweruza kapena kujeda mnzathu amene mowa wamugwira. Iye akufunika bwenzi lomuuza zoona mwachikondi ndi kumulimbikitsa kukaonana ndi achipatala.

Mafunso okambirana

1. Wina akabwera ku ntchito ndi matsire, ndani amavutika? Tchulani onse.
2. Mungayankhe bwanji mwaulemu bwana akakugulirani mowa pa phwando la ku ntchito?
3. Kubisa zolakwa za mnzathu womwa ndi kumuthandiza kapena kumupweteka?
4. Ambiri amapita ku bala posowa ocheza nawo. Gulu lathu lingakonze chiyani Lachisanu madzulo?